Udzudzu wa ku Moatize

Tatsala awiri m'baraka la Dona Felizimina.
Ena onse makadi awalavula kale,
apita kukagona ndi matumba opepuka,
majombo awo asiya mapazi a malasha pasimenti.
Tatsala ine ndi Zeferino,
woyendetsa chigalimoto cha kumgodi
chimene tayala lake limasuzumira padenga la nyumba yanga.

Okutobala wa kuno salola malaya kuuma.
Magetsi athawa, fani yaima kukamwa kuli yasa,
kandulo akumira m'khosi mwa botolo.
Zotsekera za mowa ndizo ndalama zathu,
chofiira makumi asanu, chobiriwira zana,
mametikali enieni tiwerengerana tambala akalira.

Wagawa.
Ndapinda ngodya ya khadi ndi chala chachikulu.
Esi.
Ndapinda linzake.
Esi.

M'chifuwa mwanga mwadutsa sitima ya ku Nacala,
mabogi zana odzaza, yopanda mabuleki,
koma nkhope ndaitseka ngati sitolo ya Lamulungu.

Kapitawo wa ku Joni amene anatiphunzitsa poka
ankanena akutafuna machesi:
mukatsala awiri, dzanja lamphamvu silifungatiridwa ngati dzira,
ponya, onjezera,
mnzako alipire msonkho pa khadi lililonse lomwe afuna kuona.
Koma ine bambo anga ankatchera mbewa ku Zobue
ndipo sindinamvepo msampha ukuimba mluzu.

Ndagogoda tebulo ngati mmphawi.
Ndayasamula.
Ndafunsa mtengo wa mbuzi ku msika wa Kwachena
ngati kuti ndili ndi ukwati woti ndiphikire.
Atatu agwa pakati: seveni, thuu, mfumukazi.
Palibe chondiluma apa.
Ndagogodanso.

Zeferino akusuta. Sakundiyang'ana kumaso ayi,
maso ake atera penapake m'munsi mwa chigongono changa.
Khadi lachinayi lagwa, faifi wopanda mano.
Ndakankha tofiira tiwiri, pang'ono chabe,
njere za chimanga pakhomo pa msampha.

Waseka ndi mphuno,
wagoneka makadi ake chagada kuti ndione:
mfumukazi ndi teni.
Akadalipira, munthuyu.
Ndikadayamba molawirira, akadalipira mpaka wotchi.

"Kumpadire," watero,
"usiku wonse wakhala ukuomba udzudzu
ngati uli m'kwaya ya ku parokya.
Tsopano uyu watera pamkono pako,
wamwa, wakhuta, watupa ngati nthudza,
iwe duu, osaphethira.
Munthu wopanda kanthu sapirira chotere."

Ndayang'ana. Ulidi pomwepo,
ukulephera kuuluka ndi magazi anga.

Ndakoka zotsekera zinayi.
Ma-esi awiri, amene ena amawadikira mwezi wathunthu,
andigulira ndudu zitatu ndi mpando wa chapa.

Pobwerera ndatsata njanji,
fumbi lakuda likukukutika m'mano,
agalu a ku Bagamoyo akulandizana dzina langa.
Pa siteshoni pali mbaula yozima
pomwe Ermelinda ankakazingira mabajiya.
Miyezi isanu ndi iwiri ankandisungira otentha
m'pepala la nyuzi, pansi pa beseni,
chenji n'kumandiwerengera pang'onopang'ono
kuti zala zathu zichedwe.
Ine ndinkagogoda tebulo.
Ndinkayasamula, ndinkafunsa za mvula,
ndimati aponye yekha, ayambe ndiye,
ndidzakoke zonse nthawi imodzi.

Anakwera ya ku Beira ndi wowotcherera zitsulo
wa mano atatu ndi njinga yobwereka,
amene anangoponya zonse anali nazo
tsiku loyamba, masana, anthu akuona.

Mawu ndinali nawo m'manja, awiri okha,
onse ma-esi,
ndipo ali mommuno mpaka lero, chafufumimba,
ngodya zopindika.

Sitima yausiku yadutsa, yagwedeza milambe.
Lachisanu tilandira, Zeferino adzakhala pampando womwewo.
Pamkono patupa kachulu kofiira.
Ndakanda mpaka pakhomo,
ndikukandabe pofunafuna kiyi.