Botolo la Nambala 17

Magetsi athima kachitatu sabata ino.
A Mbulo atulutsa kiyi wa jenereta
m'thumba la khoti loyera lomwe linasiya kalekale kuyera,
ndipo ine ndaima pakhomo la labu
kupempherera mbale zanga makumi awiri
zimene zagona m'bokosi lofunda
ngati mazira oyembekeza kuswa.

Ndinabwera nawo pa minibasi ziwiri mabotolowa,
ya ku Kanyama yokatsikira m'tauni,
ina yotsata msewu wa kummawa mpaka pa geti la yunivesite,
chikwama cha ayisi pamiyendo.
Kondakitala anafunsa, "Asisi, ndi mowa?"
Ndinati ayi, ndi madzi.
Anaseka mpaka pa Manda Hill.

Lusaka wakhala pa mwala wamabowo.
Zimene chimbudzi chanong'ona usiku
chitsime chimazimva kusanache.
Pa digiri yoyamba ndinkaloweza zimenezi
kuti ndikhoze mayeso, basi,
kenaka zaka ziwiri ndinakhala m'kakhumbi kachitsulo
kutumiza ndalama za anthu pafoni.
Kumeneko ndi kumene anandipeza a Dokotala Siamusonde,
atabwera kudzatumiza ya feteleza kumudzi.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
"Iwe suja unkakhala kutsogolo?
Malo a masitazi alipo, kandalama ka kafukufuku n'kochepa.
Koma funso uli nalo?"
Ndinati ndili nalo,
lili kuseri kwa nyumba ya amayi anga.

Pabenchi ya pafupi Mutinta akupera mtedza,
akusaka poizoni wa chuku amene diso silimuona.
Mwezi wachinayi tsopano sadya chiponde.
Pamwamba pathu anyamata a fizikisi
amakangana za dzuwa ndi mabatire mpaka mlonda awathamangitse.
Pipeti yabwino ndi imodzi, timabwerekana.
Inayo imanama, ndipo tonse timaidziwa.

Kwacha. Ndatsegula bokosi.
Mbale yoyamba, timadontho tinayi.
Yachisanu ndi chinayi ili mbee, ndamwetulira ndekha.
Ya nambala 17 yachita maluwa,
ofiira, othithikana, osawerengeka,
ngati dimba la munthu wakhama.

Sindikufunika kutsegula kope
kuti ndidziwe kwawo kwa 17.
Ndinatunga ndekha, ndi chingwe chomwe chija
chinandilimbitsa zikhatho ndili mwana,
amayi ataima pambali, manja m'chiuno:
"Ukawauze aphunzitsi akowo,
madzi athu ndi ozizira bwino, sitinadwalepo nawo."
Sanamutchule Tilimbe.
Nanenso sindinamutchule.
Anali ndi zaka zitatu, dzinja la chaka chija
pamene madzi analowa mpaka kunsi kwa bedi.

A Dokotala akuti bwereza katatu,
mbale imodzi si umboni.
Sanafunse chifukwa chake dzanja langa likunjenjemera,
angondisunthira mpando.
Ndabwereza.
Katatu konse, maluwa.

Tsopano 17 ndi mzere m'tebulo la mutu wachinayi,
alibe dzina, alibe mpanda wa malata,
alibe mtengo wa mapeyala umene bambo anabzala
tsiku lomwe anamaliza kukumba.
Malamulo a kafukufuku amatero, ndipo ndi abwino.

Mu Okutobala ndidzaima pamaso pa ondiyesa atatu
ndi mapu anga, ndi Chingerezi chosita bwino.
Adzandifunsa za zitsime zimene sindinafikeko,
adzati pitiriza, pali udokotala kutsogoloku.
Amenewo sindikuwaopa.

Ndikuopa madzulo ano.
Kabotolo ka kolorini kali m'chikwama,
ndipo kuyambira pa siteji ndikusanja mawu,
kuchotsa awa, kubwezera aja,
kufuna oti alowe m'nyumba atavula nsapato,
oti asaloze chala munthu
amene anatilera ndi ndowa imeneyo.
Sindinawapezebe, ndipo ndafika kale pa ngalande.

Ndikudziwa mmene andilandirire.
Apukuta manja pa chitenje,
andikhazika pa mpando wa bambo,
kenaka, monga mwa masiku onse,
andibweretsera kapu ya madzi.