Kalata ya ku Sukulu

Kalata inabwera Lachitatu,
itakwinyika m'thumba la juzi la Ndaziona.
Ndinapempha theka la tsiku kwa abwana,
malaya asanu ndi atatu osasita ndinawasiya ku Parktown,
ndinakwera matekisi awiri mpaka ku Mayfair
mtima uli phaphapha.

Mu ofesi ya Mayi Radebe mumanunkhira polishi.
Pakhoma apachika mawu m'galasi:
mwana aliyense ali ndi pakamwa pake.
M'munsi mwake, inki yomweyo:
mwana aliyense ali ndi Mulungu wake.
Amene analemba sananene woyamba kudutsa ndani
awiriwa akakumana pa ulalo wa mtengo umodzi.

Akuti pa mtsutso wa Lolemba
mwana wanga anaimirira nafunsa holo yonse:
"Usiku umene chitofu cha palafini
chinadya chipinda chathu ku Bertrams,
Mavuto wathu ali m'tulo m'katimo,
anali pa ntchito ndi Mulungu wa ndani?"

Holo inati zii.

Akanakhala pansi pomwepo.
Koma mwana akaona maso mazana atatu ali pa iye
lilime limayabwa.
Anatola kuitana kwa kumzikiti
nakukoka ngati chingamu,
anatola malilime a abusa athu omwe
nawagubuduza ngati chitini chopanda kanthu,
ana n'kuseka mpaka mabenchi kulira.

Abdirisak, tsiku lakhumi ndi chiwiri la kusala,
milomo itachita ming'alu,
anatuluka osapempha
nakakhala kuseri kwa zimbudzi mpaka belu.

"Apepese pamaso pa onse," anatero Mayi Radebe,
"apo ayi, masiku atatu kunyumba."
Anavula magalasi, natikita maso.
"Chaka chatha ndinaletsa mitsutso, makolo anati ndine wankhanza.
Chaka chino ndalola. Ndi izi."

Pakhonde ndinapeza mayi wa mnyamatayo,
nsalu yakuda, foni yosweka galasi m'manja.
Chizulu chathu tonse n'chotsimphina,
koma tinamvana.
"Funso lija nanenso ndili nalo," anatero.
"Ndinakwirira awiri m'njira yobwera kuno.
Ndimalifunsa chipumi chili pansi.
Mwana wanga funso sanalimve,
anangomva kuseka."

Ndinasowa poika maso.
Pakuti ine, wa yunifolomu yoyera ya Lachinayi,
woyambitsa nyimbo pa maliro a anzanga,
funso lomwelo ndimagona nalo zaka zinayi tsopano.
Ndalibisa pansi pa lilime ngati singano.
Mwana wanga wangolilavula,
ndipo lalasa wina amene sanayatse moto uja.

Ndimuuze chiyani?
Kwathu tinakula tikumeza mawu
mpaka ena anatupa nawo pakhosi.
Sindinawoloke Limpopo ndi mwana kumsana
kuti ndidzamusoke milomo ku Joni.
Komanso sindinamulere kuti azivina
pa mkeka umene mnzake amagwadapo.

Lachisanu ndinapemphanso theka la tsiku.
Ndinaima kumbuyo kwa holo, pafupi ndi matsache.
Ndaziona anakwera, masokosi limodzi litagwa,
pepala likunjenjemera.
"Ndinakusekani. Ndinalakwa. Pepani."
Anameza malovu.
"Koma funso lija sindibweza.
Amene ali ndi yankho andipeze pa nthawi yopuma."

Mayi Radebe anayang'ana kudenga nthawi yaitali.
Sanaombe m'manja.
Sanalembenso kalata ina.

Pa nthawi yopuma sindinaone aliyense akumupeza.
Ndinangoona Abdirisak atakhala pa sitepe,
iye kuno, mwana wanga uko,
pakati pawo malo okwana anthu atatu,
ndipo Ndaziona, buledi wake ali m'manja,
anayang'ana milomo ija
nabweza bulediyo m'chikwama.

Mu tekisi ya ku Bree sitinayankhulane.
Pa maloboti a ku Fordsburg kuitana kuja kunamveka,
kwenikweni tsopano, kochokera pamwamba pa mashopu.
Mwana wanga anatsegula windo pang'ono.
Kaya amamvetsera, kaya kunali kutentha chabe,
sindinamufunse.