Namgumi pa Bwalo la Sukulu ku Mchini

Wailesi inalengeza m'mawa, ine ndikupopa njinga:
maboma akutali asonkha ndalama
zotetezera anamgumi m'nyanja zamchere.
Maziro a chiwerengerocho
anaposa madesiki a m'kalasi mwanga.

Nkhaniyo ndinapita nayo kwa ana a giredi sikisi.
Zelipa anakweza dzanja:
Aphunzitsi, namgumi n'chiyani?
Choko chinatha Lachiwiri,
ndiye tinatuluka panja.

Ndinatola kamtengo, n'kuyamba kulemba pafumbi,
kuchokera pa mlongoti wa mbendera
mpaka pa chimbudzi chija chinagwa chaka chatha.
Uku mutu, uko mchira.
Ana makumi asanu ndi awiri analowa m'mimba mwake,
malo n'kutsalabe.

Ganizani anaimba mluzu:
Iyi ndi ndiwo ya Kapata yense, mpaka Navutika!
Ndinawauza kuti si nsomba,
amayamwitsa mwana ngati ng'ombe,
amabwera pamwamba kudzapuma,
ndipo pansi pa madzi amaitanizana ndi nyimbo.
Zonsezi ndinaziwerenga m'buku lopanda chikuto.
Nyanja yamchere sindinaionepo.

Tisauke sanaseke nawo.
Kwawo ndi ku Mambwe, kuno amakhala ndi azakhali.
Anaima pamene panayenera kukhala diso.
Njovu zitatha chimanga chathu, anatero,
kunabwera galimoto yoyera.
Anayeza mapazi a njovu, anawajambula.
Atate anaima pomwepo, sanawajambule.
Nanga ndalamazi azilandira ndani,
poti namgumi alibe thumba?

Belu linandipulumutsa.

Madzulo ndinaima pa mlatho wa Lunkhwakwa.
Mapulasitiki, mabotolo a maheu,
patapata mmodzi wopanda mnzake,
zonse zikudikira mvula kuti zinyamuke.
Ndinawatsatira madziwo mumtima,
kutsika chigwa, Luangwa, Zambezi,
mpaka kukamwa kwa chinyama chathu chija.
Kani ifenso timasonkha.
Yankho la Tisauke lokha silinali m'madzimo.

Usiku mitambo inatsika ku Kanjala
n'kukhuthula zonse.
Kutacha pabwalo panali matope okhaokha,
kupatula kamzere ka mchira pafupi ndi chimbudzi.
Zelipa anayang'ana ngalande yolowera kumtsinje.
Wapita kwawo, anatero.

Tisauke anatola kamtengo kaja,
n'kuyamba kulemba munda wa atate ake,
mzere ndi mzere,
mpaka kudutsa mpanda wa sukulu.