Masekondi Makumi Anayi pa Nchalo

Ndinanyamuka ku Ngabu kusanayere,
malaya a masewero ali m'jumbo,
aja anandisokera telala wa pamsika
ndi nsalu ya katani yakale.
Lamba woyera ndinamuchapa kawiri dzulo lake,
ngati kuyerako kukandigwirira ntchito.

M'minibasi ndinkabwereza pa zala:
gwira kolala, ponda apa, tembenuza chiuno.
A Fombe, mphunzitsi wathu, ankasinza pambali panga,
mutu ukugogoda zenera,
minda ya nzimbe ikuthawira kumbuyo.

Holo ya sukulu inali ng'anjo.
Malata ankatheteka ndi dzuwa la Okutobala,
pansi atayala matiresi obwereka ku hositelo,
olumikiza ndi tepi wakuda.
Anandiyeza pa sikelo yogulira thonje,
wolemba maina n'kuseka:
"Thumba losadzaza ili."

Ine wa kabaza, ndinkadalira miyendo.
Miyendo yokwera nayo zitunda
nditanyamula mayi, mwana ndi thumba la mapira.
Ndimati munthu mmodzi yekha angandilemere bwanji?

Anaitana Alufandika wa ku Bangula,
wamfupi, makutu ngati bowa wofota,
wopalasa bwato pa Mtayamoyo.
Sanandiyang'ane kumaso.
Ankayang'ana mapazi anga.

Tinaweramirana. Woyimbira anagwetsa dzanja.
Ndinagwira kolala.
Ndinaponda.
Chiuno sindinatembenuze,
linatembenuka ndi denga:
malata, chisa cha mavu pa phaso,
kabowo kolowetsa dzuwa,
kenako msana wanga, phi!
Mpweya unandithawa osatsazika.

Mkono wake unadza pakhosi ngati goli.
Ankanunkha utsi wowambira nsomba.
Khutu langa litapanikizika pachifuwa chake
ndinaumva mtima wake
ukugunda mosafulumira,
mtima wa munthu wodikira madzi kuti awire.
Chimene chinandipweteka ndi chimenecho,
osati khosi ayi.

A Fombe ankakuwa chinachake.
Mawu awo ankamveka ngati ali tsidya lina la Shire.
M'maso munayamba kuuluka ziphaniphani masanasana,
ndipo dzanja langa, losandifunsa,
linagogoda pa matiresi katatu
ngati mlendo wopempha odi.

Masekondi makumi anayi.
Mchemwali wanga Ntsayi, amene analipira yekha ulendo,
anali akadafufuza kamera pa foni yake.

Alufandika anandidzutsa,
nandimangira lamba amene anamasuka.
"Takhuta," anatero m'Chisena chake,
kenako chapansipansi:
"Umagwira ngati ukuopa kung'amba malaya a eni."

Kuseri kwa holo, pamthunzi wa nimu,
ndinasanza tiyi wa m'mawa.
Ndinaliranso pang'ono, ndisaname,
mbuzi ina ikundiyang'ana uku ikubzikula.
M'katimo anthu ankaombera m'manja wina.
A Fombe anabwera ndi mafilizesi awiri a malambe,
limodzi anandipatsa, lina anandiika pakhosi.
Ndinadikira mwambi. Sanaponye mwambi.
Anangoti, "Phazi lamanzere unaliiwala ku Ngabu."

Pobwerera Ntsayi anandionetsa chimene anajambula:
zala zanga za kuphazi m'mwamba,
ndi theka la nkhope ya woyimbira.
Ndinamuuza kuti afufute.
Titafika pa Sorgin... ayi, tinali tisanafike n'komwe kwathu,
ndinamuuza kuti anditumizire.

Lolemba ndinabwerera pa kabaza
khosi lili gwa, losatheka kucheuka.
Okwera ankandifunsa ngati ndagonera.
Ndimati eya, ndagonera.

Koma usiku, kutentha kukatiingitsa m'nyumba
n'kutiyalitsa mikeka pabwalo,
ndimazenga lamba uja pa thunthu la nimu wathu.
Ndimagwira, osaopanso kung'amba.
Ndimaponda, lamanzere lili pomwepo.
Ndimatembenuza chiuno.
Mtengo sugwa.
Udzudzu umandiimbira m'khutu,
ana a neba amaseka kuseri kwa mpanda,
ine ndimabwerezanso,
mpaka ndimve mtima wanga
ukuyamba kuchepetsa liwiro.