Wolozera Maiwe

Foni yanga imagona dzinja lonse.
Bua akadzaza, wofiira ngati thobwa la mawere,
akukokolola mapesi, mbuzi yotupa, chitseko cha munthu wa ku Santhe,
palibe amafunsa za Lufeyo Kamtedza.
Ndimakhala mlimi ngati wina aliyense:
kuthyola fodya, kusoka, kupachika m'chigafa,
zala zakuda ndi phula,
mbedza zikuchita dzimbiri m'chitini cha mkaka.

Epulo akamatha madzi amayamba kuganiza bwino.
Matope amakhala pansi.
Ndimapita ndekha kaye, mame mpaka m'mawondo,
kukaona zimene mtsinje wasintha ine ndili kumunda.
Mkuyu uja wagwera m'madzi.
Dziwe la Nankhwazi lakwiririka.
Ng'ona yasamuka, yadinda mimba yake pamchenga wina.
Zonsezi ndimasunga m'mutu, ndiye mpamba wanga.
Anzanga amagulitsa tomato pa Mtunthama,
ine ndimagulitsa kudziwa pamene nsomba yagona.

Kenaka foni imadzuka.
Amabwera pa magalimoto aatali matayala,
a ku Lilongwe, ena ofiira makutu ndi dzuwa lathu,
ndodo zawo zogona m'zikwama,
nyambo zapulasitiki zonyezimira ngati ndolo.
Ine nyongolotsi zanga zili m'thumba, sindizitchula.
Ndimangoti: apa ayi, mthunzi wanu wafika kale m'madzi.
Ndimati: taonani pamene kakowa waima.
Ndimati: mwendo uwo, bwana, ubwezeni kumtunda.

Chaka chatha a Msiska, a ku banki aja,
anakoka mpasa wotalika ngati mkono wanga.
Anamujambula, anamupsompsona pamphumi,
n'kumubweza m'madzi.
Ndinawomba m'manja, ndinaseka nawo,
koma m'mutu ndinali kugawa:
mutu wanga, pakati pa ana, kumchira kwa amayi awo,
msuzi wotsala wa mawa.
Madzulo ndinagula bonya
ndi ndalama yawo yomweyo.

Juni amang'amba milomo.
Nsomba zimatsikira pansi, zimatseka pakamwa,
tsiku lathunthu chingwe osagwedezeka,
mlendo n'kumandiyang'ana ngati ndazibisa ine.
Pamenepo ndimatulutsa nkhani,
ya mvuu imene inatithamangitsa ndi malemu Chimphepo,
ndimaonjezera mano ake chaka ndi chaka.
Ndikaona kuti nkhani yatha mchere
ndimasolola nyongolotsi ija mwakachetechete.
Mlamba sukana mnansi.

Okutobala ndiye mwezi umene sindiukonda.
Mtsinje umaonda mpaka nthiti za miyala kuonekera,
maiwe amasanduka mbale,
ndipo anthu amatsika ndi maneti a udzudzu, ndi katupe wosinja.
M'mawa matemba ali yandeyande, mimba m'mwamba,
ndi tiana tomwe tosakwana chikhadabo.
Ndinakalipa tsiku lina. Msuweni wanga Yotamu anadzuka m'matope,
anati, "Mtsinjewu anakusiyira atate ako?
Iwe azungu ako amakupatsa. Ife atipatsa ndani?"
Ndinayang'ana ndowa yake, ndinayang'ana nsapato zanga,
zimene anandisiyira mlendo.
Yankho ndikulifunabe.

Tsopano kwayamba kugunda cha ku Chamama.
Mafulufute atuluka dzulo, nazale ikufuna madzi.
Ndapukuta mbedza, ndazipaka mafuta ophikira,
ndakulunga chingwe pa chitsononkho.
Mwana wanga Tiyezge, wa sitandade faifi,
wandifunsa ngati chaka chamawa ndidzamutenge.
Akuti akufuna adziwe mayina a maiwe onse.
Ndamuuza kuti aloweze kaye masamu.
Koma usiku ndinamumva pamphasa
akutchula yekha motsitsa mawu:
Nankhwazi, Chamiyala, Kwa Mbuzi Yomira,
mpaka lomaliza lija limene ndinangomuuza kamodzi,
limene sindipitako ndi mlendo
ngakhale atalipira kawiri.