Laputopu Imodzi pa Lizulu

Tinaigula pa kaunjika, ine ndi Zondiwe,
ndi ndalama za kachewere wa chaka chatha.
Batani la A linagwa kalekale,
timangodina pachipsera.

Iye akuphunzira kulamula makina.
Sukulu yake ili pa intaneti:
akalemba molondola imamuponyera nyenyezi,
kumusisita ngati khanda
mpaka phunziro lachisanu ndi chimodzi,
kenako lipira kaye, m'madola.

Yanga ilibe nyenyezi.
Ndi pulogalamu yojambulira zipangizo,
yaulere, chitseko chosakhoma,
anaimanga anthu osadziwana
amene sanalawepo chisanu cha kuno.
Siyamikira munthu.
Ukalakwitsa imangoti zii,
mzere n'kukhota wokha.

Masabata atatu ndili pa ekiselo
ya ngolo ya a Gwaza,
ija inathyokera pa chitunda cha ku Mlanda,
kabichi n'kugubuduka msewu wonse.

Usiku timalimbirana batire.
Amati zako ndi zitsulo basi.
Ndimati nanga nyenyezizo tidzakazinga?

Dzulo ndinamupeza ali duu,
wasegula m'mimba mwa pulogalamu yanga,
chala pamzere, milomo ikugwedera.
Akuti waona chimene chimaitsimphinitsa.
Magetsi anathima asanandionetse.