Magazi a Tilyenji

Pakati pa usiku ku Chawama, magetsi apita,
jenereta ikutsokomola kuseri kwa labu.
Ndadontheza dontho limodzi pakagalasi,
ndaweramira makina oonera tinthu tosaoneka.
Magazi a Tilyenji, wa zaka zisanu ndi chimodzi.
Timbulu tina tozungulira ngati makobiri,
tina topindika ngati zikwakwa
zoiwalika m'munda mwini wake atasamukira m'tauni.

Masana Hamweemba ananena, akutafuna chingamu:
"Zoti chilengedwe chimasankha zinatha kale, mnzanga.
Mwana akakana kutuluka timamung'ambira khomo,
wosaona bwino timamuveka magalasi,
kachilombo timakagoneka ndi m'bulu umodzi patsiku.
Lichero linapachikidwa. Tonse talowa m'thumba,
maso ndi mankhusu omwe."
Ndinaseka naye. Tinali pamzere wa tchipisi.

Koma chikwakwachi chinachokera kuti?
Mayi ake, amene akusinza pabenchi panjapo,
akuti kwawo n'kuchigwa cha Luangwa,
kumene udzudzu unkawerenga ana usiku,
kukacha n'kuperewera mmodzi.
Amene anali ndi chikwakwa chimodzi m'magazi anatsala,
anakula, anabereka,
zidzukulu zawo zinakwera basi ya ku Lusaka.
Tilyenji walandira ziwiri,
china kwa bambo, china kwa mayi.
Chishango chimene chinapulumutsa makolo ake
lero chikumutafuna mafupa,
ndipo akalira, wodi yonse imadzuka.

Nanga mvula ikagwa, Kanyama n'kumira,
zimbudzi n'kusefukira m'zitsime,
ndani amafika kuchipatala kusanache?
Kolera safunsa za magazi a agogo ako.
Amafunsa ngati uli ndi ya takisi.
Apo sindikudziwa, Hamweemba,
ngati wopetayo ndi chilengedwe
kapena ndife amene tagwira lichero
n'kumayang'ana kumbali.

Mng'ono wanga ku Kabulonga akuti mwana mmodzi wakwana,
sukulu yadula.
Mlongo wanga ku Mtendere ali nawo asanu ndi awiri,
ndipo onse ali ndi mpata wa mano ngati wake.
Pakadzapita zaka mazana atatu,
nkhope za mumsika wa Soweto
zidzafanana ndi ndani?

Ndalemba zimene ndapeza. Ndasaina.
Magetsi sanabwerebe.
Udzudzu umodzi watera padzanja langa,
pomwe pathera gulovu.
Ndauyang'ana kaye pang'ono
ndisanaumenye.